Manja Anayi a Bambo

Lolemba, 9 Seputembala

Kampani yayamba lero!

Dzina lilipo, chizindikiro ndajambula ndekha. Ofesi ndi chipinda changa chomwechi, pakati pa bedi ndi matumba a mtedza. Ntchito yake: kutenga matepi akale a vidiyo amene akuwolera m'masutikesi a anthu, kuyambira kuno ku Chezi mpaka ku Ntchisi, n'kuwalowetsa m'kompyuta. Maukwati, maubatizo, zonse. Palibe wina waganiza zimenezi m'boma lonse la Dowa. Digiri yatopa kugona m'envelopu, makalata ofunsira ntchito amangopita osabwerera ngati mwala woponya padziwe. Basi, ndadzilemba ntchito ndekha.

Kasitomala woyamba: Amayi. Salipira.

Tepi yawo ndi imodzi yokha. Anajambula ndi wansembe wina wa ku mishoni ine ndisanabadwe, pa chikondwerero cha makwaya, ndipo mmenemo muli Bambo, kwayamasitala. Anamwalira ine ndikukwawa. Chithunzi chawo tili nacho cha pachitupa, chomwe akuoneka ngati apolisi angowagwira kumene. Sindinawaonepo akuyenda. Loweruka kuli mwambo wa chiliza chawo kumudzi kwawo, kumapiri a Ntchisi, ndipo ndinalonjeza pamaso pa azakhali, mlongo wawo wa Bambo, kuti abale onse adzawaona pa kanema. Ndinalonjeza mokweza. Ndimatero ine.

Zida:
- deki ya matepi, yobwereka kwa bambo wina wa ku Congo wokonza mawailesi ku Dzaleka. Ndabwera nayo pa kabaza nditaifungatira ngati khanda. Malangizo ake: "Ikavuta, menya kumanzere."
- kachipangizo ka nthambo zitatu
- laputopu ya kukoleji, imene imapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda
- mtima

Tepi ili ndi chuku. Ndapukuta. Ndamenya kumanzere. Yayenda! Itafika kumapeto deki yatsamwa, n'kulavula tepi ili zingwezingwe ngati matumbo a nkhuku. Mwayi, zonse zinali zitalowa kale. Koma tepiyo sidzayendanso. Chomwe chili mu laputopu ndicho chatsala.

Ndikuonera. Mawu ndi mphepo yokhayokha, fuuu, nyimbo ikumvekera kutali ngati ili m'chitsime. Koma chithunzi! Kwaya yaima m'mizere, nkhope zikuoneka bwinobwino, ngakhale mabatani a malaya. Kutsogolo, atafulatira kamera, Bambo.

Akukweza manja.

Manjawo ali manomano ngati chipeso! Akangogwedezeka akung'ambika timizeretimizere. Chakumapeto akutembenukira ku kamera kamodzi kokha, mwachangu, kuti aweramire anthu, ndipo nkhope ili ngati ndikuisuzumira pa mpanda wa mapesi.

Anthu onse mu tepi ali bwino. Wong'ambika ndi bambo anga okha.

Amayi, akudutsa ndi lichero: "Waona? Sankakhazikika."

Lachiwiri, 10 Seputembala

Bandulo yonse yathera pa kuwerenga. Tsopano ndine katswiri.

Nkhani ili chonchi. Kamera zakale sizinkajambula chithunzi chonse nthawi imodzi. Zinkachita ngati munthu wodzala m'munda: mzere uwu, kudumpha wina, mzere uwu, kudumpha wina, kenako n'kubwerera kudzadzaza mizere yotsala. Theka loyamba, kamphindi, theka lachiwiri. Ma TV akale a linunda aja ankaonetsa matheka amenewa motsatizana, diso osazindikira. Kompyuta imaonetsa onse awiri pamodzi. Chinthu chimene chinaima phee, matheka ake amalumikizana bwino. Chimene chinasuntha pakati pa kamphindi kaja chimang'ambika.

Ndiye kuti okhala chete amaoneka bwino. Ovutika ndi oyendayenda. Ndikudziwa zimenezi, ndimakhala ku Chezi.

Mankhwala ake achingerezi amati diintalesing'i. Ine ndikuti kuchotsa chipeso. Njira zilipo zinayi:
1. Kusakaniza matheka awiri aja ngati phala.
2. Kutaya theka limodzi.
3. Kutambasula theka lililonse kuti likhale chithunzi pachokha.
4. Kulosera: kompyuta imayang'ana komwe dzanja likuchokera ndi komwe likupita, n'kudzaza yokha mizere yosowayo. Akuti ndiyo yabwino. Akutinso imachedwa.

Ine za kuchedwa ayi. Ndayamba ndi yoyamba. Yatha madzi a tiyi asanawire.

Chipeso chachoka, inde. Koma Bambo ali ndi manja anayi! Awiri enieni, awiri a utsi akutsatira pambuyo. Akakweza, anayi. Akatsitsa, anayi. Potembenuka paja nkhope zili ziwiri, ina ikutuluka mwa inzake.

Kupita ndi zimenezi ku chiliza? Pamaso pa akatekisiti? Kumudzi kumene kadzidzi akalira padenga anthu amakhala pansi kukambirana? Angandithire madzi odalitsa pamodzi ndi laputopu yomwe.

Ndatumiza chithunzi chake ku gulu la pafoni la anzanga a kukoleji: "Amangwetu, taonani izi, ndife kuseka!" Onse awerenga. Onse ali ku Lilongwe, m'maofesi a mphepo yozizira. Chikondi yekha, amene tinkagona chipinda chimodzi, watumiza kachala koloza m'mwamba.

Kachala.

Ndaseka ndekha. Kuseka wekha kumatha msanga.

Lachitatu, 11 Seputembala

Njira yachiwiri: kutaya theka. Manja abwerera kukhala awiri, ulemu wabwerera. Koma chithunzi chonse chili mbuu ngati m'mawa wa Juni pachigwa. Mabatani aja asowa. Potembenuka paja nkhope ndi chibumi cha dothi chokhala ndi mabowo awiri. Komanso kompyuta yandifunsa kuti nditaye theka liti. Munthu ungasankhe bwanji theka la bambo ako loti utaye? Ndatsinzina n'kudina.

Njira yachitatu: kutambasula. Bambo akuyenda bwino ndithu, mtima wanga myaa. Koma tsopano zimene zinali chete ndizo zayamba kunjenjemera. Khoma la tchalitchi likudumphadumpha, mtanda ukugwedeza mutu, mawindo akuvina. Ngati chivomezi chafika pa Misa, kwaya n'kumangoimbabe.

Ndafunsa pa bwalo lina la pa intaneti, la anthu okonda matepi akale. Ndalemba Chingerezi changa chonse cha digiri. Wayankha munthu mmodzi, wa kudziko kumene tsopano kukuzizira: akuti ndingoonera pa TV yakale ya linunda, vuto silioneka. Zikomo, bwana. Ndayenda mpaka ku mishoni, kumene ndinamva kuti yatsala imodzi. Ilipodi, kuseri kwa khitchini, yopanda galasi. Nkhuku ikufungatira mazira mmenemo. Yandiyang'ana ngati ndabwera kudzafunsira ntchito.

Komabe munthu uja ndi yekhayo wandiyankha ndi chiganizo chathunthu sabata ino. Ndawerenga yankho lake kangapo.

Azakhali pafoni: "Ndalengezetsa kutchalitchi Lamulungu lapitali. A kwaya yakale amene atsala onse akubwera, ena ndi ndodo zawo. Usatichititse manyazi, mwana wa alongo anga."

Amayi pakhomo: "Nazale ya fodya yauma. Makheni othirira ali pakhonde."

Ndawauza kuti ndili pa ntchito. Ayang'ana matumba a mtedza, ayang'ana ine, apita okha kudimba.

Chabwino. Njira yachinayi. Yandifunsa mafunso ambirimbiri, ndadina inde, inde, inde. Kamzere kobiriwira kayamba kuyenda. Kuyenda kwake ngati bilimankhwe wodwala mwendo. Laputopu yatentha moti ungawotcherepo mbatata. Ndaikhazika pa njerwa ziwiri, ndikuikupiza ndi chivundikiro cha ndowa.

Mwini kampani akukupiza kompyuta. Mbiri ya anthu olemera imayamba chonchi, ndikukhulupirira.

Lachinayi, 12 Seputembala

Magetsi azima m'mawa!

Ndathamanga ndi laputopu ili chotsegula, ngati ndanyamula mbale ya msuzi wotentha, mpaka kwa wometa wa pamsika amene ali ndi sola. Wandilola kukhala pabenchi. Tsiku lonse pakati pa tsitsi la anthu. Abambo akukambirana za mpira ndi za mbewu ya fodya, aliyense wolowa akusuzumira pa laputopu, akuona kamzere kobiriwira kokha.

"Filimu yake ndi yomweyi?" wafunsa wina. "Amenyana nthawi yanji?"

Wina: "Si mwana wa malemu akwayamasitala uyu? Amene anapita ku yunivesite uja? Wabwerera?"

Ndabwerera, bambo. Chaka chatha. Mumandiona tsiku lililonse ku mjigo.

Dzuwa litapendeka kamzere kafika kumapeto. Ndabwera kunyumba osatsegula, kuti ndionere ndekha, mwaulemu. Ndasamba m'manja. Ndatseka chitseko.

Chithunzi choyera! Manja awiri! Khoma lili chete! Koma Bambo akunjenjemera. Dzanja likupita kutsogolo, kubwerera pang'ono, kutsogolo, kubwerera, ngati munthu wa malungo akuyesa kupha udzudzu. Potembenuka paja akutembenuka n'kusintha maganizo, kutembenuka n'kusintha maganizo.

Ndafufuza. Limodzi mwa mafunso adzulo aja linali lakuti: theka loyamba kujambulidwa ndi liti, la mizere yapamwamba kapena yapansi? Ine ndinangoti inde. Kompyuta yakhala ikuika mawa patsogolo pa lero, tsiku lonse lathunthu, mokhulupirika.

Ndagona chagada pa matumba a mtedza. Amayi alowa kudzatenga chitenje, aona Bambo akunjenjemera, aona ine.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," atero.

Sindikufuna maso a nkhono. Ndikufuna a bambo anga, lisanafike Loweruka.

Ndakonza funso lija. Ndayambitsanso. Kamzere kabwerera kumayambiriro, kosachita ngakhale manyazi.

Zolinga za kampani, zokonzedwanso:
- nthambi ku Mponela: imani kaye
- galimoto ya kampani: imani kaye
- magetsi: chonde

Lachisanu, 13 Seputembala

Magetsi azimanso m'mawa, wometa wapita kumaliro. Batire ya laputopu yagwira pang'ono, kenako zii. Magetsi abwera masana. Kuyambiranso. Kamzere sikafika Loweruka, ngakhale nditakakankha ndi chala. Ndayesa.

Ndiye ndisankhe pa zoipa zimene ndili nazo:
- Bambo a chipeso
- Bambo a manja anayi
- Bambo a mbuu
- Bambo abwino m'tchalitchi cha chivomezi

Ndaitana Amayi kuti asankhe, poti kasitomala ndi iwo. Akhala pamphepete pa bedi, nyemba za mawa zili pamiyendo, akusankha nyemba m'malo mosankha Bambo. Aonera zonse zinayi. Kenako, maso ali pa nyemba:

"Tsiku limeneli anabwera kunyumba osadya. Akuti kwaya imeneyi apita nayo ku Lilongwe, ikamveke pa wailesi. Chaka chilichonse, tikangogulitsa fodya, tikupita. Anasoketsa ngakhale thumba loikamo mayunifolomu."

Ndafunsa kuti zinatha bwanji.

"Thumbalo ndi ilo uli kutsamiralo."

Ndasuntha msana. Mtedza.

Za kusankha akuti ndisankhe ndine, ndinapita kusukulu. Atuluka. Ndinkafuna akhalebe pang'ono, koma sindinapeze funso lina.

Ndasankha Bambo a mbuu. Saoneka, koma sachititsa mantha. Ena onse ndawaikanso mu fulashi, poti malo alipo. Laputopu itsala kuno ikulosera nkhope. Ndamata pepala pachitseko: MUSAZIMITSE. M'nyumba simutsala munthu, koma ndamata.

Timakadi ta kampani ndadula ndi lumo, tadzaza thumba la siketi. Mawa kudzakhala anthu ambiri. Msika umenewo!

Loweruka, 14 Seputembala

Lole ya simenti, fumbi, zitunda. Amayi kutsogolo, ine kumbuyo ndi mbuzi ya mwambo. Mbuzi ndiyo yandiyang'ana m'maso ulendo wonse.

Azakhali pondilandira: "Digiri tinaiona. Nanga mkamwini ali mu lole yachiwiri?" Andipatsa mpeni ndi mulu wa kabichi.

Kumanda zayenda bwino. Akatekisiti adalitsa, nsalu yachotsedwa, dzina la Bambo lili pamwala, lolembedwa mowongoka. Ndaima kumbuyo kwa anthu amene ankawadziwa. Aliyense akulira munthu wake. Ine ndikulira chithunzi cha pachitupa.

Masana, pansi pa mtengo wa mango. TV yabwerekedwa ku vidiyo sho ya pamsika, batire ndi ya lole ija. Waya wake ndi womasuka: ukangousiya, TV yazima. Wogwira ndani? Mwini kampani. Ndagwada kuseri kwa TV, zala zili pa batire. Chomwe ndikuona ndi nkhope za anthu ndi msana wa TV.

Ndaika Bambo a mbuu.

Nkhope zikutsinzinira. Agogo ena akupukuta magalasi ndi chitenje. Kenako aGama, nkhalamba yaitali imene inkaimba besi m'kwaya ija: "Kodi ayamba? Ameneyu akhoza kukhala aliyense. Akhoza kukhala ine."

Azakhali andiyang'ana. Diso limenelo lingaumitse nazale.

Thukuta. Ndi dzanja limodzi ndadina chotsatira, chilichonse. Ndazindikira ndi nkhope zawo kuti ndi chiti.

"Mayo ine!" mayi wina wakuwa. Azakhali achita chizindikiro cha mtanda. Akatekisiti agwira botolo lawo la madzi. Ndikuganiza zosiya waya, ndinene kuti batire yatha.

Koma aGama aimirira, ndodo yagwa. Akuseka mpaka kutsokomola.

"Ndi yemweyo! Ndi yemweyo ameneyu! Ife tinkadabwa kuti munthu mmodzi amatiloza bwanji tonse nthawi imodzi. Taonani: ili la sopulano, ili la alito, ili la tenala. Ili lapansili ndi langa, limandiopseza ndikachedwa kulowa!"

"Unkachedwadi, Gama!" mayi wina wa ndodo wabweza. "Mpaka lero!"

Ndiye aimirira mmodzimmodzi, otsala a kwaya ija, akudziika okha m'mizere yawo yakale, kusiya mipata ya amene anapita. Mawu a mu tepi ndi mphepo yokhayokha, koma iwo sakuwafuna. Akuyang'ana manja. Manja akwera, apuma mpweya pamodzi. Manja atsika, alowa.

Mawu okalamba, onjenjemera, koma olowa pamalo pake. AGama achedwa pang'ono, anthu aseka akulira. Amayi sakuimba. Akhala pamphasa, milomo yokha ikuyenda.

Bambo akuimbitsa kwaya pa chiliza chawo chomwe, ndipo ine ndikuona msana wa TV. Pali pepala lolembedwa kuti musatsegule, mungagwidwe ndi magetsi. Ndaliwerenga mpaka kuliloweza.

"Bwerezanso!" Ndabwereza. "Bwerezanso!" Mpaka batire yafooka, woyendetsa lole wayamba kudandaula.

Pobalalika aliyense akugwira chanza azakhali, kuwathokoza chifukwa cha filimu. Mmodzi yekha wabwera kwa ine, kudzafunsa ngati kabichi watsala.

Timakadi tili m'thumba tonse. Tanyowa ndi thukuta.

Lamulungu, 15 Seputembala

Tabwerera. Lole tachita kukankha, batire inathera ku nyimbo.

Pepala langa lili pachitseko, palibe wazimitsa. Magetsi sanazime ngakhale pang'ono, poti tsopano palibe akuwafuna. Kamzere kadzaza. Zatha.

Ndatsegula. N'zokongola, ndisaname. Khoma lili chete, mabatani akuwala, manja awiri akuyenda ngati madzi. Njira yachinayi ndiyo yabwino, anthu a pa intaneti sananame. Ndikulemba pano kuti mbiri idziwe.

Ndaitana Amayi. Aima pakhomo atavala kale za ku mphakati, korona ili m'manja. Aonera pang'ono.

"Zaoneka bwino," atero. "Koma wawadula manja ndani?"

Apita.

Azakhali pafoni: akufuna ya manja anayi itumizidwe kwa abale onse, mpaka a ku Joni. Akuti alinso ndi tepi ya ukwati wawo, ndiwakonzere, koma amuna awo atuluke ndi manja anayi, mwina aoneke ngati ankagwira ntchito. Kasitomala wachiwiri. Salipiranso.

Ku gulu la pafoni sindinatumize kanthu. Kwa munthu wa kudziko lozizira ndalemba kuti zatheka, zikomo. Sanayankhe.

Ndatsala ndekha ndi potembenuka paja. Ndaimitsa chithunzi.

Nkhope imodzi, yathunthu. Ndi wamng'ono, wa msinkhu wanga. Chipumi ndi changa. Thukuta lili pamphuno. Anthu akuwomba m'manja, koma iye sakuyang'ana anthu, sakuyang'ananso kamera. Maso ali pakhomo la tchalitchi, kumene kuli msewu.

Ndikudziwa kuti mizere ina ya nkhope imeneyi ndi yeniyeni, ina kompyuta yangolosera. Ndayandikira mpaka mphuno yagunda galasi kuti ndisiyanitse. Sizikusiyanitsika. Ngakhale ine ndakhala ndikuwalosera moyo wanga wonse, ndi zochepa kuposa theka.

Ndati, "Muli bwanji, Bambo?" Mokweza, m'chipinda mopanda munthu. Laputopu yapuma ngati ng'ombe.

Ndawasiya choncho, ali chiimire. Aka n'koyamba kuti akhazikike.

Za mawa:
- kubweza deki ku Dzaleka
- kuyanika timakadi
- kufunsa kuti thumba lija ndingalitenge mtedza ukatha

Dzuwa likadalipo. Makheni ali pakhonde, awiri, ndipo manja ndili nawo awiri okha.